Hb ya mchemwali wanga

Tanthauzo la zilembo ziwiri zija, Hb, ndinalidziwira kuchipatala, mchemwali wanga atangobereka. Anamwino anati ndi muyeso wa magazi, ndipo ake anali atatsikiratu. Pankafunika wachibale woti apereke ena. Ine anandikana, ati anganso ngochepa. Ndinapalasa njinga kubwerera ku Chiringa kukagwadira alamu, amuna ake. Chinali chaka cha mphekesera za anamapopa.

"Magazi anga akagulitse amenewo? Toto," anatero alamu. "Muwiritsireni masamba a mapeyala. Madzi ake ngofiira, magazi abwerera."

Ndinawiritsadi, poti n'kanatani? Pofika ndi botolo la madziwo kuchipatala, ndinapeza atamufunditsa kale nsalu kumaso.

Pamaliro alamu analira kuposa tonsefe, magazi awo ali m'thupi, osachokapo ndi dontho lomwe.