A Silvester Maliro, Amene Anathamanga ndi Kalata

Inu amene munawaona a Silvester Maliro atakalamba, korona ili m'manja, simungakhulupirire kuti anachitapo mpikisano ndi kalata.

Anabadwira ku Biriwiri, nakula akuweta ng'ombe za atsibweni awo. Chingerezi anakachitola kumigodi ku Joni. Atabwerako anakwatira mayi Eliness, ndipo alimi a kachewere anawasankha kuti aziwalembera makalata opita kwa mzungu wa sitolo pa Boma. Munthuyu bodza ankaliopa kuposa njoka.

Tsono ife kuno timati "ndapita" tikadali chikhalire pampando. A Maliro anachilowetsa chizolowezi chimenechi m'Chingerezi. M'mawa wina mu 1934 analemba kuti, "We have sent the potatoes," kachewereyo akadali m'nthaka. Wamtokoma atanyamuka nayo kalata, iwo anakadzitama kwa aphunzitsi a Gibson.

"Mwatumiza kale?" anafunsa aphunzitsi.

"Iyayi, titumiza Loweruka."

"Ndiye mwanamatu, akulu. 'Have sent' n'zochitika kale. Mukanalemba 'will send'. Mzunguyo akapeza kuti palibe chafika, kwa inu sadzagulanso."

"Mayo ine! Ndachimwa m'chinenero cha eni!"

Anathamangira kunyumba. "Eliness, makasu! Tikumbe, kalata ija isafike ili yabodza."

Anakumba ngati openga, nakweza matumba atatu pangolo. Mulungu si munthu, wamtokoma uja anamupeza panjira akumwa thobwa. Anamupempha modzichepetsa kuti amwe chipanda china, asafulumire. Kachewere anafika pa Boma kalata ili m'mbuyo, ndipo msika wa alimi unapulumuka. Komabe Loweruka a Maliro anakalapa kutchalitchi ku Nsipe. Amati wansembe anatsokomola nthawi yaitali.

Kuyambira pamenepo sankalemba "will" osawonjezera kuti Mulungu akalola. Ankati, "Dzulo n'lolapa, lero n'la khasu, mawa lili ndi Mwiniwake." Anaika m'manda ana awo awiri mosanyinyirika. Panjala ya 1949 anagawira anansi ngakhale mbewu yawo.

Mu 1957 anadwala chifuwa. Atalandira masakramenti, ife titawazungulira masana, ananong'ona kuti, "Eliness, ndapita." Anatseka maso, ife n'kuyamba kulira.

Mwadzidzidzi anatsegula diso limodzi. "Pepani. I am going."

Mayi Eliness anaseka misozi ili mbwee. "Pitani bwino, bambo. Mulungu amamva Chichewa."

Anamwetulira. Sipanapite nthawi, mawu awo oyamba aja anakhala oona.