Mutu Umene Analuka Amayi

Kwathu ku Mabopane mutu wa mwana wamkazi ndi wa Amayi. Chibadwire, ine ndi achemwali anga sitinalukidwepo tsitsi ndi munthu wina. Amayi amaluka anthu ku Marabastad, pansi pa lona wobiriwira pafupi ndi renki ya matekisi, ndipo makasitomala awo ena amachokera kutali. Koma ife timalukidwa kunyumba, titakhala pansi pakati pa mawondo awo. Tsitsi lotsalira m'chipeso amalikulunga pachala n'kuliwotcha. Amati kuno ku Joni sudziwa amene akutola za mnzake.

Ndikakhala pakati pa mawondo amenewo ndimasinza. Zala za Amayi zimayambira pamphumi n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kunkhongo, ndipo ndimaona ngati mutu wanga ndi munda wa ku Ntcheu kumene iwo anabadwira, kumene ine sindinafikeko, akuunga mizere mvula isanagwe. Nthawi zina ndimamva ndithu fungo la dothi.

Achemwali amagwira ntchito ya m'nyumba ku Queenswood, kuchapa, kusita ndi kukolopa. Panjira yawo yokakwerera tekisi pali jimu ina, nyumba yochitiramo masewera olimbitsa thupi, imene chitseko chake chimakhala chotsegula, ndipo mkatimo muli khola la waya lalitali kuposa munthu. Achemwali ankaima pakhomo n'kumaonerera atsikana akuponyerana nkhonya ndi mateche, akugwetsana pansi, kenako akudzutsana n'kumaseka. Tsiku lina mphunzitsi wa pamenepo, mayi wamfupi wa mphuno yopindika, anawafunsa ngati abwera kudzagula chitsekocho. Achemwali anachita manyazi, koma analowa.

Kuyambira pamenepo anasintha mayendedwe. Potsuka mbale ankanjanja pa zala za kumapazi, mapewa akuzemba ntchentche zimene ife sitinkaziona. Pa tchuthi cha sukulu ananditenga kamodzi kuti ndikaone. Achemwali omwe aja amene m'nyumba ya abwana amayenda monyang'ama kuti asamveke, m'kholamo ankaponda pansi ngati nthaka ndi yawo. Dzuwa linkalowera pa zenera la pamwamba n'kujambula mthunzi wa waya pa nsana pawo, timabokosi timabokosi, ndipo ine ndinaiwala kuti ndagwira chikwama chawo mpaka chinagwa.

Patapita nthawi mphunzitsi uja anawasankha kuti akamenye pa mpikisano wa ongoyamba kumene, anthu osalipidwa amene mkati mwa sabata amagwira ntchito zina. Unali woti uchitike Loweruka masana m'holo ina ya kutauni. Lamulo linali lakuti tsitsi lilukidwe mizere yothina, popanda mikanda, mapini kapena meshi. Tsitsi likamasuka ndewu ili mkati limakuphimba maso, ndipo mnzako sadikira kuti ulikonze.

Achemwali anawauza Amayi tikusankha nyemba pakhonde.

"Amayi, mundiluke Lachisanu."

"Kuli ukwati?"

"Ayi. Ndikamenya nkhonya Loweruka."

"Ukamenya ndani? Wakulakwira chiyani?"

"Sanandilakwire, Amayi. Ndi masewera."

"Masewera otsekerana m'khola ngati atambala?" Amayi anaika lichero pansi. "Ine ndinadutsa malire iwe uli kumbuyo, nditakuphimba mutu ndi chitenje kuti dzuwa lisakuwotche paliwombo. Mutu womwewo ndiuluke lero kuti mwana wa eni akaukhome bwino? Manja angawa ayi."

Sanakalipe. Anatola lichero n'kupitiriza kusankha nyemba, ndipo tonse tinadziwa kuti nkhani yathera pomwepo.

Achemwali anayesa kwa oluka ena a ku Marabastad, koma onsewo amawadziwa Amayi. Wina anaseka n'kunena kuti, "Mwana wa amayi a pa lona wobiriwira? Eish, sisi, ukufuna tisiye kulonjerana?" Kusaluni za kutauni akanawaluka ndithu. Anakafika pakhomo pa saluni ina, n'kubwerera. Anandiuza kuti atangoganiza za zala zachilendo, khungu la m'mutu linawanyerenyetsa.

Ndiye ntchito inagwera ine.

Ndikaweruka kusukulu ndinkayeserera pa mutu wa chidole umene Amayi amaonetsera masitayilo. Chidolecho sichinkadandaula, koma mizere yanga inkayenda ngati munthu wochokera kumowa. Pamutu pa achemwali zinali zoipirapo. Ndikamaliza mzere, iwo ankapukusa mutu kawiri, mzere uja n'kufufuma.

"Iwe, ukuluka kapena ukundisisita?"

"Ndikuopa kukupwetekani, achemwali."

"Koka! Uyo ndikakumana naye uko sakandiopa ayi."

Ndinkakoka, koma zala zanga zinalibe nzeru za Amayi. Sabata imeneyo ndinalota tsitsi la achemwali likumera, likutalika, likuyanga pa waya wa khola ngati maungu, mpaka khola lonse linabiriwira ndipo sindinkawaonanso mkatimo. Ndinkangomva akundiitana chapansipansi. M'kalasi aphunzitsi ankafotokoza za mitsinje, ine ndikuluka ulusi wa juzi yanga pansi pa desiki.

Ndinawaluka Lachisanu madzulo mmene ndikanathera. Podzuka Loweruka, mizere ya kumbali inali itamasuka kale ndi pilo chabe. Achemwali anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali. Kenako anati tikwere tekisi imodzi ndi Amayi, tikakonzere ku Marabastad, popeza holoyo ili chakufupi. M'tekisimo Amayi anakhala kutsogolo, ife kumbuyo. Titalowa mutauni mitengo ya jakaranda inali itachita maluwa, misewu yonse yofiirira ngati yathiridwa utoto.

Malo okhala anasankha ndi achemwali: pa kireti, kuseri kwenikweni kwa lona wa Amayi. Sindinawafunse chifukwa chake. Amayi anali atayamba kale kuluka kasitomala, mayi wonenepa wogulitsa tomato, ndipo anatifulatira. Koma pa mzati wa lonayo pamapachikidwa galasi, ndipo ine ndikakweza maso ndinkakumana ndi maso awo mmenemo, iwo n'kuyang'ana kumbali msanga.

Matekisi ankaliza mahutala, wina ankakuwa kutsatsa mabulangete, utsi wa chimanga chowotcha unkadutsa pakati pathu. Ndinagawa tsitsi ndi chipeso, ndinayamba mzere, unakhota. Ndinamasula, ndinayambanso, unakhotanso.

Mayi wa tomato uja anasuzumira pagalasi n'kuseka mpaka mapewa kugwedezeka.

"Mma, ana awa ndi anu? Mzere uwo ukupita ku Mabopane kudzera ku Mamelodi!"

Amayi analuka pang'ono, kenako zala zawo zinaima.

"Dikirani pang'ono, mayi," anatero kwa kasitomalayo. Anazungulira lona n'kuima pamaso panga. "Choka apo iwe. Bweretsa chipeso."

Ndinawapatsa ndi manja awiri.

"Ndipo umve," anauza achemwali, "sindikuluka za nkhonya ine. Ndikukonza zimene wawononga mwanayu, anthu angamati ndaluka ndine."

"Inde, Amayi."

"Tsika pansi. Unaona liti ine ndikuluka mwana wanga ali pa kireti ngati kasitomala?"

Achemwali anayala thumba pansi n'kukhala pakati pa mawondo a Amayi, monga kunyumba. Amayi anamasula ntchito yanga yonse mosachedwa. Anagawa tsitsi ndi nsonga ya chipeso, mzere woyera wowongoka kuchoka pamphumi mpaka kunkhongo, n'kuyamba kukoka.

"Mayo! Amayi, mukundipweteka."

"Ukulira ndi chipeso, iwe wopita kukamenyana ndi anthu?"

Mayi wa tomato anasekanso, mutu wake uli mbali imodzi yoluka, ina yosaluka. Achemwali anatsinzina. Patapita kanthawi nkhope yawo inafewa, ndipo ndinadziwa kuti nawonso apita kumunda kuja. Phokoso la renki linakhala ngati lapita kutali. Amayi ankang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, mwina osadziwa kuti akuyimba, ndipo nsonga za mizere anazimanga ndi ulusi wakuda, n'kuudula ndi mano. Atamaliza anasiya dzanja lawo pakati pa mutu wa achemwali, osaluka, osakonza kanthu, kungolisiya pamenepo. Kenako anachotsa tsitsi la m'chipeso, analikulunga pachala, n'kulimanga pa ngodya ya chitenje chawo.

"Pitani. Mwandichedwetsera kasitomala."

Holoyo inkanunkha mafuta otikitira minofu ndi soseji yowotcha. Khola linali pakati, lalikulu kuposa la ku jimu, mipando ya pulasitiki italizungulira. Anthu ambiri anali achibale a omenyawo, ena atanyamula makanda. Asanalowe achemwali, mayi wina woyang'anira malamulo anaona magolovesi awo, anaona kachipulasitiki kotetezera mano, kenako anayendetsa manja pamutu pawo kufufuza mapini. Aka kanali koyamba kuona dzanja lachilendo pamutu umenewo. Mayiyo anangogwedeza mutu n'kuwalozera khomo. Chitseko cha waya chinatsekedwa.

Mnzawoyo anali mtsikana wamtali wa miyendo yaitali. Belu litalira anthu anayamba kukuwa, koma ine ndinkamva ngati ndili pansi pa madzi. Ndinkaona awiriwo akuzungulirana, akuyandikirana, akutalikirana, ngati anthu ofuna kukumbukira kumene anaonanapo. Theche linafika m'nthiti mwa achemwali. Iwo anabweza nkhonya. Anakankhirana pa waya, waya n'kufutukuka ngati ukupuma, kenako onse anagwa pansi n'kumagubuduzana, mkono wa mtsikana uja ukukhula pamutu pa achemwali.

Ena ankayang'ana nkhonya. Ine ndinkayang'ana mizere. Nthawi iliyonse achemwali akadzutsa mutu ndinkaifufuza umodzi umodzi, ndipo inali pomwepo, yonyezimira ndi thukuta ngati munda mvula itangokata. Maso awo anali poyera. Ankaona chilichonse chobwera, ngakhale zimene analephera kuzemba.

Belu lomaliza litalira, refa anagwira manja a onse awiri, n'kukweza la mtsikana wamtali uja. Ndinaganiza kuti achemwali alira. Koma anali kuseka, kachipulasitiki kali m'kamwa, pamwamba pa diso patatupa, ndipo anakumbatirana ndi mnzawoyo kwa nthawi yaitali.

Tinabwerera ku Marabastad dzuwa litapendeka. Amayi anali akupinda lona. Atationa anasiya, anapukuta manja pa chitenje, n'kugwira mutu wa achemwali ndi manja onse awiri. Anautembenuzira kudzuwa. Chala chawo chinayenda mzere uliwonse kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo, n'kudzaima pa chotupa chija.

"Apa?"

"Nkhonya, Amayi."

"Unabweza?"

"Ndinabweza. Koma sindinapambane."

"Ndakufunsa zimenezo?"

Anayenderanso mizere ya kumbali, imene inandikanika ine ija. Panalibe ndi umodzi womwe wofufuma. Anatulutsa kabotolo ka mafuta m'chikwama n'kupaka pang'ono mozungulira chotupacho ndi chala chaching'ono.

"Mizere yoluka m'mawa wa tsiku lomwelo imakoka khungu," anatero, maso ali pa chotupa. "N'chifukwa chake watupa chonchi. Ukadzafunanso, ubwere kudakali tsiku, igone kaye. Ndipo uyu asadzakugwirenso m'mutu mpaka nditamuphunzitsa."

Achemwali anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi kuti ndisaseke.

M'tekisi yobwerera tinakhala mpando umodzi tonse atatu. Tisanatuluke n'komwe mutauni achemwali anali atagona, mutu uli paphewa pa Amayi. Tekisi ikagunda bampu, Amayi ankautchinjiriza ndi dzanja kuti usagunde zenera.