Mzati wa Yosefe

Fungo la simenti yonyowa likandipeza, ngakhale ndili pamzere wa kusikelo mwana ali kumsana, mtima umathamangira ku chilimwe chija tinaika mlongo wanga Yosefe. Chikuku chinamutenga ali ndi zaka zinayi. Ine ndinali Sitandade 2.

Tinkakhala ku Area 1, kuseri kwa masitolo. Bambo anali mmisiri womanga nyumba, ndipo m'mawa uliwonse lole inkawatenga kupita ku City Centre, kumene maofesi atsopano ankamera pathengo. Loweruka masana ankaumba chiliza cha Yosefe kuseri kwa nyumba kuti nane ndichione, poti ana sitinkaloledwa kumanda. Achibale ankang'ung'udza kuti mwana wamng'ono chotero sammangira chiliza, koma bambo sanawamvere. Ankati ali mnyamata anaona kumishoni ya kumapiri manda a azungu oyamba aja, a nthawi ya agogo awo, ndipo amodzi sanawachoke m'maso. Anawajambula pa pepala la thumba la simenti: masitepe atatu, pamwamba pake mzati wobulungira wa mizeremizere. A Saidi, kalipentala woyandikana nafe, anawakhomera chikombole. Ine ndinkatunga madzi, fumbi la msewu likundikuta m'miyendo.

Tsiku lochotsa matabwa ndinaona zoopsa. Mzati uja unathera panjira, pamwamba popendekeka ngati nzimbe yotemedwa ndi chikwanje. Wathyoka, mayo! Anthu adzawaseka bambo, ndipo Yosefe tampatsa chinthu chowonongeka. Sindinauze munthu. Bambo atapita kukatsuka fosholo, ndinakanda dothi la pachulu msangamsanga, n'kuumba mutu, n'kuumata pamwamba pa mzatiwo.

Anandipeza matope ali m'zigongono. Ndinadikira mbama. Iwo anangokhala pa njerwa, n'kuuyang'ana mzatiwo.

"Wamutalikitsa mlongo wako, Nabanda?" anatero. "Usiye choncho. Idzachotsa ndi mvula, ine ayi."

Anaunyamula pa wilibala kupita nawo kumanda, ndi dothi langa lomwe.

Lero mwana wanga woyamba akuyandikira zaka zinayi, ndipo akangofunda thupi pang'ono ndimamugwira pamphumi kosalekeza. Ndikudziwa tsopano kuti mzatiwo anaudula dala, monga anachitira azungu aja, poti moyo wa Yosefe unadukira panjira. Nthawi ija ndinkati ndakonza cholakwa cha bambo. Ndimawathokoza kuti sanandiuze. Anandilola kumuwonjezera Yosefe zaka zimene sanafike, mpaka mvula yoyamba.