Nambala ya pakhoma la ba Tembo

Fungo la makala onyowa likandipeza, ndimabwerera ku Kabwata, pakhonde la ba Tembo, amene nyumba yawo inagundana ndi yathu. Anali mphunzitsi wa masamu, koma anawachotsa ntchito atakana kutulutsa ana m'kalasi kuti akaombere m'manja akuluakulu a chipani pamsewu. Chipani chinali chimodzi chokha masiku amenewo, ndipo anthu ankatsitsa mawu pochitchula. Choko analibenso, choncho ankatola makala pambaula n'kumalemba pakhoma la nyumba yawo, ife ana titakhala pazitini, utsi wa kapenta wokazinga ukutilowa m'maso.

Loweruka lina analemba 10001, nambala iliyonse yaikulu ngati mutu wanga.

"Kuli manambala ogawika, kuli ena okana," anatero. "Okana amagawika na 1 chabe, na iwo eka. Iyi ili mbali iti?"

Tinaona msanga kuti 2 ndi 5 sangaigawe, poti imathera ndi 1. Nayenso 3 analephera, 7 ndi 11 anasiya zotsala. Wina anati ndi yokana basi.

"Wayesa angati?" anafunsa ba Tembo. "Usaweluze ukalibe kusiliza."

Khoma litada bii, kunabwera tcheyamani wa chigawo chathu ndi anyamata a chipani.

"Ba Tembo, msonkhano uyu anavomeleza ndani? Manambala aya ni a chani?"

"Ni samu yogawa, ba cheyamani. Nkhalani pansi, tili pa 31."

"Futani."

"Tizafuta tikasiliza."

Anyamata aja anakhuthulira madzi pakhoma, madzi akuda n'kuyenderera mpaka kumsewu, kenako anawagwira ba Tembo n'kupita nawo atavala patapata. Ali pageti anatembenuka nati, "Mupitilize pa 37."

Amayi anga ankaopa zinthu zotere, poti nyumba yathu inali ya khonsolo ndipo atate ankagwira ntchito m'boma. Koma m'mawa mwake ndinawapeza akulemba 10001 pakhoma lathu, manambala opendekera a munthu amene sukulu anaisiyira panjira.

"Muzatipitikitsa nyumba, amake Tisa," anadandaula atate.

"Abwele afute. Makala siyasila," anayankha amayi. "Iwe Tisa, anati mupitilize. Ufuna nikuuze kangati?"

Anyamata aja ankabweradi kudzafufuta, amayi n'kulembanso. Anzanga ambiri makolo anawaletsa kubwera. Ine ndinkati ndikatsuka mbale n'kupita kukhoma: 37, 41, 43, onse kusiya zotsala. Nditafika pa 73 sipanatsale kanthu, yankho linali 137. Ndinabwereza, yankho n'kubwera lomwelo. Nambala yooneka youma mutu ija inali 73 kuchulukitsa ndi 137.

Ba Tembo anabwerako mvula itayamba, ataonda, akutsimphina, ndipo kumene anali sanatiuze. Anaima pakhoma lathu, kulondola mzere uliwonse ndi chala, kukonza pamene ndinaphonya pa 59, kenako anapempha khala kwa amayi n'kulemba 10007. Imeneyo ndinaiyesa mpaka 97, ndipo inapezeka yokanadi. Ntchito sanawabwezere mpaka imfa yawo.

Lero ndimayeza magazi pachipatala china kuno ku Lusaka. Alipo akuluakulu amene amafuna ndiwauze zotsatira zowakomera ndisanamalize kuyeza, ndipo ndimawasiya aime pakhomo. Anandisamutsapo kale ntchito chifukwa cha khalidwe limeneli. Kuno kumene ananditumiza ndikuchitabe zomwezo.