Obadiya Mwale, Amene Tinawametera Ali Moyo

A Obadiya Mwale anali malume anga, mlongo wawo wa mayi. Ine ndinawadziwa atakalamba kale, ali munthu woonda ngati mpini, wa zidendene zong'ambika, amene sankatha kudutsa pakhomo pa Mkhristu wofooka osakhota. Munthu akangojomba kutchalitchi masabata atatu ankadziwiratu kuti amva "odi" wa a Mwale, ndipo ena ankabisala kuseri kwa nkhokwe. Koma ukulu wa mpingo sanaulawepo mpaka kufa, ndipo achinyamata ankadabwa nazo. Chifukwa chake ndichilemba pano monga anandisimbira mayi, amene anaona ndi maso awo.

Malume anabatizidwa mu 1911, m'gulu la oyambirira kulowa mpingo wa Dachi kuno kwathu. Anaphunzira kuwerenga ndi kulemba, nakwatira Eneless, wa mfunda wa Nambewe, ukwati wa m'tchalitchi. Anapita chikamwini kwa Kamphinda, kummwera kwa Sinda, patsidya chabe pa mtsinje kuchokera kumudzi kwathu. Kumeneko kunali kasukulu ka mitengo ndi dothi, kamene Lamulungu kankasanduka tchalitchi, ndipo akwathu ankapemphera konko. Malume ndiwo ankaphunzitsa ana, kuimba ng'oma yoitanira anthu ndi kutsogolera mapemphero. Wowathandiza anali Josephat Sakala, munthu wofatsa woti ngakhale nkhuku sizinkamuthawa.

Mu 1917 nkhondo ya Jeremani inafika kwathu, osati ndi mfuti koma ndi amesenjala a Boma ofuna amtengatenga. Malume anatengedwa pamodzi ndi Ezara, mnzawo wa kwa Kamphinda komweko, kukasenza ufa wa asilikali kumpoto. Patapita miyezi isanu ndi itatu Ezara anabwera yekha, mafupa okhaokha, atanyamula katekisima wa malume.

"Kamwazi anawagwetsa panjira," anatero Ezara. "Ndinawagwedeza, ndinawaitana ndi mfunda womwe, koma zii. Kapitawo anati tiyeni, musachedwe ndi akufa."

Ezara sananame. Anangofulumira.

Tsono ife Achewa maliro sitichita mwachibwana. Anthu analira, Akhristu anaimba, ndipo tsiku lometa litakwana onse anameta, kuyambira Eneless mpaka mayi anga. Nyumba ya malume anaigwetsa monga mwa mwambo. Chaka chitatha akwathu anaoloka mtsinje kukamusudzula Eneless, kumuuza pamaso pa anthu kuti mwamuna wapita, uli womasuka. Palibe chimene analumpha pa maliro amenewo. Chinasowa ndi mtembo wokha. Mu 1920 Eneless anakwatiwa ndi Josephat, amene tsopano anali mphunzitsi, ndipo mbusa wachizungu wa ku mishoni anadalitsa ukwatiwo. Mulungu anawapatsa ana awiri motsatizana.

Pamene zonsezi zinkachitika, womwalirayo anali akudya nyemba ku Kabwe. Amayi ena opita kunkhuni anali atawapeza akupuma pang'onopang'ono, nawatengera kumudzi kwawo mpaka anachira. M'malo mobwerera kwawo, anatsatira anthu opita ku mgodi. Kumeneko kupemphera kunatha, mowa unalowa. Chimene chinawatembenuza ndi maliro a mnzawo wa ntchito mu 1923. Pamanda anthu anafunsa ngati panali wodziwa kupemphera, ndipo wina analoza malume poti ankatha kuwerenga. Iwo anayamba Pemphero la Ambuye molimba mtima, koma atafika pakati mawu anawasowa. Mphunzitsi wathunthu, amene anaphunzitsa ana makumimakumi pemphero lomwelo! Anachita mantha aakulu, ndipo sabata isanathe anamanga kamtolo n'kuuyamba wa kummawa, mwezi wathunthu ndi masiku ali panjira.

Anafika kwa Kamphinda Lamulungu m'mawa. Pamene panali nyumba yawo anapeza payanga maungu. Anaima pamenepo osamvetsa, kenaka anamva nyimbo kuchokera kukasukulu kuja, n'kuganiza kuti ayambe alonjera Mulungu, zina azifunsa pambuyo.

Woyamba kuwaona anali Josephat, pakuti wolalikira ndiye amayang'ana kukhomo. Mawu anamuthera pakati pa vesi ndipo buku linagwa pansi. Anthu anacheuka. Mayi wina anakuwa, "Mayo ine, mzukwa!" Pamenepo mpingo unangoti balala. Pakhomo panali pataima malume, choncho onse anathamangira mazenera, amene anali timabowo toti nkhuku n'kudutsa movutikira. Koma a Lameck, munthu wonenepa koposa m'mudzimo, anatulukira pomwepo n'kupita ndi chipupa chomwe. Amayi anatola ana a eni. Mayi anga akuti anazindikira ali kumtsinje, nsalu ili m'manja, osadziwa kuti afikako bwanji.

M'tchalitchi munatsala anthu atatu. Josephat anali chiimire. Eneless anali chikhalire ndi mwana kubere, maso ali tong'o.

"Anambewe, ndine," anatero malume.

Eneless anayang'ana malume, anayang'ana mwana, kenaka anayang'ana Josephat. Malume anatsatira maso akewo, ndipo nawonso mutu unawaima. Anakhala pansi pomwepo pakhomo.

Anakagonera kwathu, koma ngakhale mayi anga, mlongo wawo weniweni, anayamba awagenda ndi kamwala kuti aone ngati kagunda thupi. Kwa Kamphinda panalibe wofuna kudya nawo mbale imodzi. Munthu amene tamumetera, ankatero, tidye naye bwanji?

Nkhani inapita kwa akulu a mpingo ku mishoni, ndipo anagwira nayo njakata. Sindikuwanena ayi, nawonso zinawawawa, koma lamulo linali lakuti mwamuna woyamba akakhala ali moyo, ukwati ndi womwewo. Anagamula kuti Eneless abwerere kwa malume, apo ayi adulidwe ku Mgonero, ndipo Josephat asiye uphunzitsi. Eneless anakana kwamtuwagalu, naleka kupita kumapemphero. Tsono kwa Kamphinda unali mudzi wa abale a Eneless, amayi ake aakulu ndi aang'ono, alongo ake, atsibweni ake. Onsewo anati ngati mwana wathu ndi wachigololo chifukwa chomvera ife pomwe tinamusudzula, ndiye kuti achigololo ndife tonse. Analeka. Ena anabwerera ku mowa, amuna ena kudambwe. Lamulungu malume, amene anali atabwerera pa uphunzitsi, ankaimba ng'oma mpaka manja kutupa, koma kunkabwera anthu asanu ndi awiri, atatu mwa iwo ogontha.

Zimenezi zimandidabwitsa mpaka lero. Munthu mmodzi wabwerera kwa Mulungu, anthu makumi asanu n'kuchoka chifukwa cha iye!

Apa mpamene malume anayamba ntchito ija ya khomo ndi khomo. Kunyumba anthu ankawatsekera zitseko, ndiye anayamba kuwatsata kuminda ndi khasu lawo. Ankangofika n'kuyamba kupalira mzere woyandikana, osanena kanthu, mpaka mwini munda atatopa ndi kuthawa. Malume anawagonjetsa a Lameck powaonetsa phazi.

"Taonani apa, a Lameck. Kodi munamvapo mzukwa wogwidwa matekenya?"

A Lameck anawerama, anayang'anitsitsa, n'kutenga minga kuwazula matekenyawo ndi manja awo. Lamulungu lotsatira anabwera kutchalitchi, nakhala pafupi ndi khomo. Motero anabwerera anthu ngati khumi. Otsalawo yankho lawo linali limodzi: akalowa Anambewe, nafenso tilowa.

Tsiku lina masana malume anam'peza Eneless kudimba akuthirira mpiru. Anaima kunja kwa mpanda kuti odutsa aone kuti palibe zobisa.

"Anambewe, ndabwera kudzakutengani. Mpingo ukukusowani."

"Mpingo, kapena inu?"

Zoona zake n'zakuti malume ankafuna zonse ziwiri. Iwo ankamukondabe kwambiri mkaziyo, ndipo mumtima ankayembekeza kuti chilango chikamuwawa adzagonja n'kubwerera kwa iwo. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Eneless anaika chipanda pansi. "A Mwale, ine ndinakulirani mpaka mawu kusasa. Ndinameta. Nyumba anagwetsa ndikuona. Abale anu omwe ndiwo anandiuza kuti pita, uli womasuka. Tsitsi lamera pambuyoli si lanu ayi. Kupemphera ndimakufuna, Mulungu ndi mboni, ndikamva ng'oma yanu ija ndimalowa m'nyumba kukalira. Koma akulu akuti khomo la tchalitchi ndi khomo la nyumba yanu ndi limodzi. Ana awiriwa ndikawauze kuti bambo wawo ndani? Ndinalakwa chiyani ine?"

"Simunalakwe."

"Nanga analakwa ndani? Poti chilango chilipo, wolakwanso alipo."

Malume anabwerera kunyumba osadya, ndipo masiku atatu khasu sanaligwire. Loweruka la Mgonero, tsiku limene akulu ankamva milandu ya mpingo, anapita ku mishoni. Bwalo linali pansi pa mkuyu, anthu a midzi yambiri atazungulira. Malume anapempha kuyankhula, ndipo akulu anawalola mokondwa, poti ankawaona ngati munthu wolakwiridwa, ndipo anali atayamba kale kunong'onezana zowasankha ukulu.

"Makolo anga, mwalanga osalakwa," anayamba motero. "Mu 1919, Anambewe asanakwatiwe, ndinakumana ku Kabwe ndi munthu wa kuno. Anandiuza kuti kwanu anakulira, nyumba anagwetsa. Ine ndinam'pempha kuti asauze munthu kuti wandiona. Kulemba ndimatha, ndinu munandiphunzitsa. Kalata imodzi ikanakwana. Sindinalembe, chifukwa ndinali ndi mkazi wina kumeneko, dzina lake Veronica. Tinakhala zaka zitatu mpaka anandithawa. Imfa ija inandikomera, ndinaivomera ndekha. Amene anaswa ukwati ndine."

Mayi anga anagwira pakamwa. A Lameck, amene anali atauza mudzi wonse kuti a Mwale ndi munthu wa Mulungu, anakhala pansi mwadzidzidzi ngati awatchera mwendo. Munthu wa ku Kabwe uja anali mtchona amene sanabwererenso kwawo, ndipo panalibe wina aliyense pansi pano akanaulula. Mbusa anafunsa womasulira kuti abwereze, poganiza kuti Chichewa chamuphonya.

Mkulu wina wa imvi anaweramira kutsogolo. "A Mwale, kodi mukudziwa chimene mwadzichita? Mkazi mwataya. Uphunzitsi mwataya. Ukulu muuiwale. Mudulidwa zaka ziwiri, mukakhale m'kalasi pamodzi ndi ana amene munawaphunzitsa."

"Ndikudziwa."

"Nanga bwanji osanena kale, anthu avutika chaka chathunthu?"

"Ndinkafuna abwerere kwa ine."

Mayi anga anakwiya nawo miyezi iwiri osawayankhula. Ankati munandimetetsa mutu pachabe, inu mukudya nyemba ndi Veronica. Ine sindiwatsutsa mayi, chimene malume anachita ku Kabwe chinali choipa kwambiri. Koma ndakhala m'mabwalo a mpingo zaka zambiri, ndipo sindinaonepo wina wobwera yekha kudzadziyalutsa mlandu atawina kale.

Akulu anakambirana miyezi ingapo, makalata akupita ndi kubwera. Potsiriza anagamula kuti ukwati woyamba unaswedwa ndi mwamuna, Eneless ndi mkazi wa Josephat, ndipo chilango chawo chachotsedwa. Koma uthengawo utafika kwa Kamphinda, Eneless anangopitiriza ntchito zake. Lamulungu ng'oma inalira, iye sanatuluke. Lamulungu linalo chimodzimodzi. Anthu anayamba kunena kuti a Mwale adziyalutsa pachabe, mtima wa mkaziyo unapola kale.

Mgonero wotsatira unachitikira ku mishoni, m'tchalitchi chachikulu cha njerwa. Anthu a pachilango ankakhala pansi kumbuyo, m'mbali mwa khomo, ndipo malume anakhala pamenepo atatambasula miyendo, pakati pa mnyamata wakuba mbuzi ndi mayi wofulula mowa. Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri inayamba. Kenaka pakhomo panada, ndipo atakweza maso anaona Eneless, mwana ali kumbuyo, wina akumugwira nsalu, Josephat ali pambali pake. Eneless sanawayang'ane. Anangoima, chifukwa miyendo yawo inali itatseka njira.

Malume anafunya miyendo kuti mkaziyo adutse ndi mwamuna wake. Anakhala chifunyire nthawi yaitali, misozi ikutsika, chifukwa pambuyo pa Eneless pankalowa mudzi wonse wa Kamphinda.