Sipanala ya a Tata

Fungo la girizi wa njinga likasakanikirana ndi la mankhwala otsukira zilonda, mtima wanga umabwerera pakhonde la kwathu ku Iponga, m'chilimwe china cha zaka zomaliza za chipani chimodzi. Kunkatentha moti masamba a nthochi ankangoti lende, ndipo mabelu a ng'ombe zopita kudambo ankamveka mwaulesi. Ine ndinkaswera pamphasa, mwendo wamanzere nditausanjika pa thumba la mankhusu a mpunga. Mwendowo unali ndi chitsulo.

Ndili wakhanda ndinadwala matenda a m'fupa, ndipo nditachira mwendo umenewo unatsalira pokula. Pofika sitandade folo ndinkayendera zala, chiuno chitapendekeka, msana ukuwawa. Atsikana anzanga akamasewera fulaye, ine ndinkawasungira mabuku. A Tata, amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango kumsika, ankandikhomerera zidutswa za tayala kunsi kwa nsapato, koma chaka chilichonse pankafunika chidutswa china. Kenaka kuchipatala cha paboma kunabwera dokotala woyendayenda woona ana olumala. Atandiyeza ananena kuti mwendowo ungathe kutalikitsidwa. Achibale ena anati limenelo ndi bodza, munthu si mphira, koma amayi anamanga katundu ndipo tinakwera basi ya kummwera, kuchipatala chachikulu.

Kumeneko anadula fupa la msongolo pakati. Analowetsa misomali yachitsulo pamwamba ndi pansi pa podulapo, kunja naigwiritsa ku ndodo yachitsulo yokhala ndi nati. Natiyo ikapotokoledwa, zidutswa ziwiri za fupa zinkatalikirana pang'ono kwambiri, osaposa kukhuthala kwa chikhadabo pa tsiku. Zilonda zitayamba kuuma anatibweza kwathu, natipatsa kasipanala kakang'ono. Kasipanalako kanagwera a Tata, poti m'nyumba mwathu ndiwo ankadziwana ndi zitsulo. Ankakasunga m'thumba la malaya pamodzi ndi khadi la chipani, zinthu ziwiri zimene sakanatuluka pakhomo ataziiwala.

Tsiku linkayamba ndi madzi amchere amene amayi ankawiritsa m'kapoto kakekake. Ankapukuta msomali uliwonse ndi thonje, akuthamangitsa ntchentche ndi dzanja linalo. Nthawi imeneyo mtsikana sankaloledwa kuonetsa maondo, choncho anandisokera diresi lalitali ndi lotakasuka ngati hema, kuti nsalu isakole chitsulo. Kenaka a Tata ankasamba m'manja ndi sopo mpaka girizi atatsala m'zikhadabo mokha, n'kugwada patsogolo panga. Ankapotokola m'mawa, masana akabwera kudzadya, ndi madzulo dzuwa lisanalowe. Akamaliza ankanyamuka osandiyang'ana, n'kukalowa m'nthochi kuseri kwa nyumba.

Amene ankatiyang'anira anali a Nangozo, namwino wa ku Ntcheu amene boma linamutumiza kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Tonse tinkangowatchula kuti Sisita. Chinkhonde ankadziwa cha moni chokha, ndipo Chichewa cha a Tata chinali cha kumsika, chodzaza ndi Chiswahili, koma ankamvana. Ndiwo anauza amayi kuti fupa limafuna mkaka ndi usipa wodyera limodzi ndi minga zake. Mawuwo anafika kwa a Tusekile, mayi wamasiye woyandikana nafe amene anali ndi ng'ombe yoyamwitsa. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankabwera ndi chipanda cha chambiko, mkaka wowawasa uja wogwirana, n'kukhala pakhonde mpaka nditamwa wonse. Sankacheza zambiri. Ankangoyang'ana chitsulocho, n'kupukusa mutu, n'kutenga chipanda chawo.

Mango atayamba kupsa, ululu unakula. Fupa silinkawawa kwenikweni, koma katumba ndi mitsempha zinkakokeka ngati chingwe chomangira ng'ombe, ndipo phazi linkafuna kuloza pansi. Ndinkayamba kulira ndikangoona a Tata akusamba m'manja. Tsiku lina anagwada monga mwa masiku onse, anaika sipanala pa nati, koma sindinamve kukoka kulikonse. Mawa lake chimodzimodzi. Amayi ankakhala ali kukhitchini, ndipo ine sindinawaululire, poti ndinkagona bwino.

Sisita atabwera ndi tepi yawo yoyezera, anayeza kawiri, napeza kuti mwendo wasiya kutalika. Sanakalipe. Anakhala pa mpando wa ndalema n'kufunsa a Tata kuti nati ikuvuta kapena ayi.

"Nati ili bwino, Sisita," anatero a Tata, maso ali pansi. "Dzanja ndilo likukana. Mwana akulira sana."

Sisita anatenga chipanda chimene a Tusekile anali atangobwera nacho, nachipendeketsa kuti tione mkaka ukugwedera. "Bambo, pakati pa fupa la mwanayu pali chonga ichi. Magazi abweretsa zomangira, ndipo zayamba kugwirana koma zikadali zofewa. Mukakoka pang'onopang'ono, zimatsatira. Mukakoka mwaphuma, zimaduka. Koma mukasiya, ziuma pomwe zafikapo, ndipo kudula konse kuja kudzakhala kwachabe." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Iwe Lusekelo, mwendowu ndi wako. Gwira sipanalayi."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkapotokola ndekha, dzanja la a Tata litakuta langa kuti ndisapitirize muyeso. Ululu sunachoke, koma unasanduka wanga, wodziwa nthawi imene ubwere. Sisita anaphunzitsa amayi kundiwongola phazi ndi chitenje chokoleka kuzala, ndipo anandilamula kuti ndiziponda pansi ndi ndodo, chifukwa fupa latsopano limalimba likamasenza mwini wake. Ndinkayenda kuchoka pakhonde kukafika pa khola la a Tusekile, thukuta lili kamukamu, ana aang'ono akunditsatira m'mbuyo mwakachetechete.

Mitambo itayamba kusonkhana kumapiri, tinapita kuboma kukajambulitsa mwendo. Wojambulayo anakweza chithunzi chakudacho pawindo. Ndinaona zidutswa ziwiri zoyera, ndipo pakati pake, pamene achibale ankati padzakhala dzenje mpaka kalekale, panali kanthu kotuwa ngati nkhungu ya m'mawa pamunda wa mpunga, kokhala ndi timizere toyenda kuchokera uku ndi uku. A Tata anayang'ana nthawi yaitali. Pobwerera tinatsikira pachipatala chaching'ono chija, ndipo a Tata anagwira dzanja la Sisita ndi manja awo onse awiri. Chichewa chinawathera, anangoti, "Ndaga fijo," kuthokoza kwa kwathu.

Kupotokola kunatha mvula yoyamba itagwa, koma chitsulo chinakhalabe dzinja lonse kuti nkhungu ija isanduke fupa lenileni. Anzanga ankawokera mpunga, ine ndikuwaonera patali. Madokotala anadzachotsa chitsulocho mpunga utayamba kucha. Ndinaima pa simenti yozizira ya m'chipatala, ndipo kwa nthawi yoyamba zidendene zanga zonse ziwiri zinamva kuzizirako limodzi. Mwendowo ndi woonda mpaka lero, ndipo zipsera za misomali zikuonekabe, koma wandiyendetsa moongoka zaka zonsezi.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti chambiko cha a Tusekile chinkatsika molunjika kukadzaza mpata uja, poti chinali choyera ngati fupa, ndiponso kuti a Tata ankalowa m'nthochi kukaona ngati mikoko yakhwima. Nditakula ndinamva kuti thupi ndilo limadzimangira lokha: chikopa chopyapyala chokuta fupa ndi mafuta a m'kati mwake zimatumiza timitsempha ta magazi mumpatamo, ndipo fupa limamera motsatira kukokako, malinga wokokayo akhale wodekha. Za m'nthochi zija anandiuza ndi amayi, a Tata atamwalira kale. Akuti ankakaima kumeneko mpaka manja atasiya kunjenjemera, kenaka n'kubwerera kumsika kukakonza njinga za anthu.