Nyimbo za Alongo Anga ndi Pulogalamu Yobisa Kulephera

Inu adzukulu anga, ndi inu achinyamata a mumpingo mwathu kuno ku Nsaru amene mumatumidwa uku ndi uku mafoni ali m'manja, tcherani khutu, pakuti nkhaniyi ndi ya aliyense wotumidwa.

Alongo anga aakulu ndiwo anatsala okha odziwa nyimbo zakale zimene amayi ankaimba pozira tchalitchi ndi poperekeza maliro, nyimbo zosalembedwa m'buku lililonse. Chaka chimene chifuwa chinayamba kuwafooketsa, tinagwirizana kuti ndiziwajambula mawu pa foni yanga. Foniyo sinkachedwa kudzaza. Ikadzaza ndinkapita nayo kusukulu yapafupi, kumene mphunzitsi wina anakonza pulogalamu yotumiza zinthu pa netiweki kupita mu kompyuta yosungira. Pulogalamuyo ikalemba kuti zatheka, ine ndinkafufuta zonse m'foni kuti nyimbo zina zipeze malo.

Tsiku lina abusa anapempha kumvako. Titatsegula kompyutayo tinapeza kuti nyimbo zambiri zinadukira pakati, mawu a alongo anga akungoyamba kukwera, ndipo zina zinalibe mawu konse. M'foni munali mutayera kale. Akale anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ine ndinali nditataya wa pamphuno pokhulupirira uthenga wa makina.

Mdzukulu wanga wamkazi, amene amagwira ntchito ya makompyuta mumzinda, anabwera Loweruka lotsatira. Anakhala m'chipinda cha aphunzitsi akuwerenga malangizo amene pulogalamuyo inkatsata, kenaka anaseka pang'ono.

"Agogo, pulogalamu iyi ndi mnansi wanu. Kodi inu mukadwala, munthu n'kukufunsani, mumayankha bwanji?"

"Ndimati ndili bwino."

"Eya, nayonso. Netiweki ikaduka kapena magetsi akazima, iyo imameza vutolo n'kulemba kuti zatheka."

Mphunzitsi uja anafotokoza modzichepetsa kuti anaiuza dala kuti izikhala chete, poona kuti ife achikulire tinkachita mantha ndi mauthenga ofiira. Unali ulemu ndithu, ulemu womwewo umene timapewera kumuuza munthu zomupweteka. Sindinamukwiyire, chifukwa ndinauzindikira kuti ndi wakwathu.

Awiriwo anakonzera limodzi. Anaiphunzitsa kuti iziyerekeza chimene chafika ndi chimene chinanyamuka, ikapeza kuperewera iyeserenso, ndipo ikalephera inene poyera kuti nyimbo yakuti sinafike, musafufute.

Chinatsala chinali kukawauza alongo anga. Panjira mdzukulu wanga anandiyang'ana cham'mbali nati, "Musakachite za pulogalamu ija, agogo." Tinawapeza pamkeka pakhonde, akusenda mtedza pang'onopang'ono, ndipo ndinawauza zonse osazungulira.

"Ndiye kuti miyezi yonseyi ndinkaimbira mphepo, eti achimwene?" anatero. Kenaka anakankhira lichero pambali. "Yatsani chinthu chanucho mpweya ndikadali nawo."

Anaimbanso, koma mpweya unali utachepa. Nyimbo zazifupi anazimaliza. Zazitali zija, makamaka za maliro, ankaima pakati n'kutsokomola, ndipo zina sanathenso kuziyamba. Zimenezo zinapita nawo pamene anatisiya mvula isanagwe.

Nditapita koyamba kukatumiza zojambula zatsopanozo, magetsi anazima ntchito ili mkati. Atayakanso, pulogalamu inalemba mofiira kuti yalephera. Sindinalandirepo uthenga woipa ndi mtima woyamika ngati tsiku limenelo. Ndinabwerera kunyumba foni ili yodzaza, ndinakatumizanso m'mawa mwake, ndipo nyimbo zimene mumamva lero ndi zomwezo. Pulogalamu ija ikadanena zoona pachiyambi, bwenzi tili nazo zonse, zoimbidwa mawu akadali amphamvu.

Choncho ana inu, mukatumidwa n'kulephera kufikitsa, bwererani msanga mukanene kuti sizinafike, wokutumaniyo asanataye zimene ali nazo m'manja.